Mfuti ya Alamu, Gawo 6: Kutsidya kwa Delaware

M'gawo lapitali: Tadala, yemwe watsala ndi masabata atatu kuti achire, anakanitsitsa kuti mwamuna wake Lameki asanyamule mfuti pa ulendo wokachingamira apongozi ake ku bwalo la ndege la Newark. Lameki anaitsekera m'bokosi lake lachitsulo, kiyi n'kumusiyira mkaziyo m'manja. Ganizani, mchimwene wake wa Tadala, anadzipereka kuti athandizana naye kuyendetsa.

Ananyamuka ku South Bend dzuwa lili paliwombo, Lameki atangogona maola atatu chiwerukireni kunyumba yosamalira okalamba kumene amagwira ntchito usiku. Ganizani analanda kiyi wa Toyota Sienna ija asanatuluke n'komwe m'nyumba.

"Inu alamu kagoneni pampando. Msewu wa 80 ndauyenda ndi thiraki zaka 7, maso anga ndiye mapu."

Lameki sanalimbane naye. Kumbuyo anaikako jekete lalikulu limene Tadala anagulira mayi ake, chifukwa mayi wa ku Ntcheu angadziwe kuzizira kwa June, koma mphepo ya April ya kuno imalowa mpaka m'mafupa. Munalinso kontena ya mpunga ndi nkhuku, mandasi okulunga m'pepala, ndi botolo la tiyi. Ndege yochokera ku Addis Ababa inali yoti itera m'mawa mwake, ndiye pulani inali yokagona kwa azakhali awo a Tadala, a Esinati, amene akhala ku New Jersey zaka zoposa 20.

Ohio yense Lameki anamudutsa ali m'tulo. Anadzidzimuka kamodzi chakufupi ndi Toledo, n'kuona minda yosalima ili phwetete mpaka kumene maso alekezera, n'kugonanso. Atadzuka kachiwiri anali atapitirira Youngstown, alowa m'Pennsylvania, ndipo dziko linali litasintha: mapiri, nkhalango zopanda masamba, mvula yowaza. Anadya mpunga uja pamalo opumirapo ali chiimire. Lameki anapempha chiwongolero, Ganizani anakana.

Cha m'ma 9 koloko usiku, akuyandikira Bloomsburg, foni ya Lameki inalira kuti moto watsala pang'ono. Anafufuza chingwe pakati pa mipando, osachipeza. Anatsegula kabokosi ka padashibodi kamene amasungamo mapepala a galimoto, napisamo dzanja mumdima.

Chimene anakhudza chinali chozizira, cholemera, ndipo zala zake zinachizindikira mutu usanavomereze.

Anayatsa kagetsi ka kudenga. Pamwamba pa envelopu ya mapepala a inshulansi panali mfuti yakuda, yaifupi, ili m'kachikwama kake kachikopa.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

Ganizani anangoponya diso kamodzi. "Mukufunsa ngati simunaionepo. Zimitsani getsilo, likundithobwa m'maso."

"Yanga ndaisiya kunyumba. Mlongo wanu analira kuti ndiisiye, inu muli pompo."

"Analira kuti musiye yanu. Za yanga sananene."

"Muli zipolopolo?"

"Mfuti yopanda zipolopolo ndi nyundo, alamu."

Lameki anatseka kabokosiko pang'onopang'ono ngati muli njoka yogona. Iye mfuti sankadana nayo. Yake anagula mu 2021, anyamata awiri atamuloza nayo pamalo oimika magalimoto a kunyumba kwake mbandakucha, n'kumulanda foni ndi chikwama. Chaka chomwecho anakatenga chiphaso cha Indiana, chija chosatha ntchito moyo wonse, anadinditsa zala, nadikira mpaka chinabwera papositi. Chaka chotsatira, kuyambira pa 1 July 2022, Indiana inaleka kufuna chiphaso: munthu wamkulu aliyense wosaletsedwa ndi lamulo akhoza kuyenda ndi mfuti m'chiuno popanda pepala. Anzake ena anamuseka kuti anadzivutitsa chabe. Iye chiphasocho anangochisunga m'chikwama, kuseri kwa green card.

"Ku New Jersey salola," anatero. "Ndinawerengapo. Chiphaso cha kwina sachiwerengera."

"Zimenezo n'zakale. Lamulo linasintha."

"Liti?"

"Mwezi wathawu. Tinamva tonse pawailesi, madalaivala anachita kuimba mahutala. Tsopano ukakhala ndi ufulu woyenda ndi mfuti kwanu, ufuluwo ukuyenda nawo masteti onse 50. Trump ananena yekha pa kampeni kuti ikadzafika patebulo lake adzasaina."

"Kulonjeza kusaina ndi kusaina n'zinthu ziwiri."

"Inadutsa, alamu. Ku Washington. Mukufuna ndikuimbireni Trump?"

Apa tiyeni timuchitire chilungamo Ganizani: sankanama mwadala. Anamva chinthu choona, koma anachimva theka. Ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake a mfuti, ndipo chimasankha chokha kuti chilemekeza ziphaso za zigawo ziti. Kwa zaka zambiri aphungu ena akhala akufuna lamulo limodzi la dziko lonse lokakamiza chigawo chilichonse kuvomereza chiphaso cha chinzake. Mu 2009 ganizoli linapeza mavoti 58 ku Senate, mu 2013 linapeza 57, koma kumeneko pamafunika 60. Pa 6 December 2017 bilu ya phungu Richard Hudson wa ku North Carolina, yodziwika ndi nambala yakuti H.R. 38, inadutsa ku House ndi mavoti 231 kwa 198, n'kukafera ku Senate osavoteredwa. Hudson yemweyo anaibweretsanso mu January 2025 ndi nambala yomweyo, ndipo mu March komiti ya zamalamulo ya ku House inaivomereza. Chimene madalaivala aja anaimbira mahutala chinali chimenechi: komiti. Kuchoka pa komiti kukafika patebulo la pulezidenti pali nyumba ziwiri zathunthu. Usiku umenewo, mumsewu wa 80, biluyo inali pepala basi.

Lameki zonsezi sankazidziwa, koma mtima wake unakana kukhazikika. "Chiphaso chanu muli nacho pano?"

"Za mapepala zisakusowetseni tulo," Ganizani anatero, akukweza wailesi.

Chingwe chija chinapezeka pansi pa mpando. Foni itangolandira moto, Lameki anaimbira azakhali a Esinati. Inaitana mpaka kuduka. Anayesanso, chimodzimodzi. A Esinati ndi namwino wa kundende ya m'dera lina la New Jersey, ndipo kuntchito kwawo foni imatsala m'loka pachipata. Anawalembera uthenga: "Anti, mukaweruka mundiimbire msanga, ndi nkhani yofunika." Anayesa kufunsa pa intaneti, koma m'mapiri amenewo netiweki inkabwera n'kuthawa, tsamba likungozungulira.

Anaganiza zoimbira Tadala, n'kuleka. Akanamuuza chiyani mayi wa pakati potopa, usiku ngati uno? Kuti mchimwene wake, yemwe anamulipirira fizi ya unamwino, yemwe anawasunga m'nyumba mwake miyezi 8 atangofika kumene, waika mfuti m'galimoto lawo mwakabisira? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Lameki anapinda manja, nayang'ana mvula ikutsetsereka pagalasi.

Anadutsa mphambano ya ku Hazleton, nayamba kukwera mapiri a Pocono. Ganizani, poona kuti mlamu wake wakwiya, anayamba kufotokoza mofatsa. Kampani yake siilola mfuti m'thiraki, ndiye zaka zonsezi wakhala akugona m'malo oimikapo amdima, katundu wa anthu ali kumbuyo, chida chake chili chitsulo chomasulira matayala. Usiku wina munthu anagogoda chitseko cha thiraki 2 koloko, n'kumayesa chogwirira. "Ndinapemphera Chichewa chimene ndinali nditaiwala," anatero. "Ndiye ndikakhala m'galimoto langa, kapena la m'bale wanga, sindiyendanso chimanjamanja. Newark si ku Nsipe, alamu. Mawa tikhala titanyamula mayi anga."

"Ndiye munayenera kundifunsa. Galimotoli lili m'dzina langa."

"Mukanakana."

"Eya, ndikanakana."

Foni inalira akudutsa Tannersville. Lameki anaiika pa sipika.

"Bambo a Mphatso, kwagwanji? Tadala ali bwino?"

"Ali bwino, anti. Nkhani ndi ina. Alamu anyamula mfuti. Ili m'kabokosi ka kutsogoloku, ili ndi zipolopolo. Akuti lamulo linasintha, tikhoza kulowa nayo kwanuko."

Kunakhala chete, kenako kunamveka chitseko cha galimoto chikumenyetsedwa.

"Ganizani, ukundimva?"

"Ndikumva, azakhali."

"Ndani anakuuza zopusazo?"

"Zinali pawailesi. Bilu ya Hudson inadutsa."

"Inadutsa m'komiti, mwana iwe! Safunsa anadya phula. Ine anthu onga iwe ndimawalandira ndi manja angawa. Amabwera usiku atavala bwinobwino, ena jekete la kutchalitchi, ndikuwayeza magazi iwo akungobwereza mawu amodzi: koma ndili ndi chiphaso, koma ndili ndi chiphaso. Chiphaso cha Pennsylvania, cha Georgia, cha Texas. Kuno chimenecho ndi khadi wamba. Unamvapo za Shaneen Allen?"

"Ayi."

"Mayi wa ana awiri wa ku Philadelphia, wogwira ntchito zachipatala ngati ife. Anamubera kawiri, n'kugula mfuti, n'kutenga chiphaso cha Pennsylvania, zonse mwa lamulo. Mu October 2013 anawoloka kupita cha ku Atlantic City, apolisi n'kumuimitsa pa nkhani ya kusintha mzere mumsewu. Iye mwini, mwa ulemu wake, anawauza kuti m'chikwamamu muli mfuti ndipo chiphaso n'chimenechi. Anamumanga pomwepo. Anakhala m'chitokosi kupitirira mwezi, ntchito inatha, mlandu unamulendewera chaka chathunthu. Dziko lonse linachita kukuwa kuti amuchitire chifundo, ndipo bwanamkubwa Chris Christie anadzamukhululukira mu 2015. Iwe ukuganiza kuti dziko lidzakuwira Ganizani wa ku Ntcheu?"

Ganizani anakhosomola. "Koma azakhali, inunso mukuona kuti si chilungamo chimenecho. Laisensi yanga yoyendetsera ndinatenga ku Indiana, koma ndimayenda nayo mpaka ku California, palibe amandifunsa. Ukwati wa ku Indiana ndi ukwati ku New Jersey. Nanga ufulu wolembedwa m'malamulo aakulu a dziko uthere bwanji pamlatho?"

"Laisensi yoyendetsera unalembera mayeso, munthu anakhala pambali pako kukuona ukuyendetsa. Mfutiyo anakuyesa ndani? Kuno munthu asanapatsidwe chiphaso amaphunzira, amakawombera pamaso pa mphunzitsi, amabweretsa anthu omuchitira umboni. Ndiye a kuno akuti, ife tavutikira zonsezi, wina angobwera kuchokera kumene safunsa kanthu, n'kumayenda nayo m'basi mwathu? Zigawo 29 tsopano sizifuna chiphaso n'komwe, ndipo bilu yakoyo ikuti nawonso azilowa. Wapolisi wa kuno akamuimitsa munthu wotero usiku, adziwa bwanji kuti ndi wololedwa? Akuluakulu apolisi a m'mizinda ikuluikulu anaikana pa chifukwa chimenecho."

"Khoti Lalikulu linagamula mu 2022 kuti kuyenda ndi mfuti ndi ufulu."

"Mlandu wa Bruen, ndikuudziwa. Unathetsa zoti uzikafotokoza chifukwa chapadera chofunira mfuti. Sunathetse chiphaso. Ukafuna kuyenda nayo kuno umafunsira cha New Jersey, ngakhale ukhale wa kwina. Ine sindikuti lamulo la kunoli ndi lokoma. Zimandiwawa kuona mayi wosalakwira munthu akulowa m'selo chifukwa cha mzere wa pamapu. Koma m'mawa mwake ndimatsukanso mabala a anyamata owomberedwa, ndiye usandifunse kuti ndivotere mbali iti. Ndikukuuza za usiku uno. Uli ngati munthu wa pa Lizulu: kuwoloka msewu kokha walowa Mozambique, ndipo wa kumeneko sakufunsa zimene amalola ku Ntcheu."

Zikwangwani za Stroudsburg zinadutsa, magetsi a tauni akunyezimira m'mvula. Palibe anazilabadira. Lameki anali atagwira foni ndi manja awiri.

"Anti, akatipeza nayo chimachitika n'chiyani?"

"Ndi mlandu waukulu, zaka 5 mpaka 10. Ndipo pali lamulo lotchedwa Graves Act: miyezi 42 yoyambirira umakhala m'kati, osatulutsidwa msanga. Alipo amene woimira boma amawachitira chifundo n'kuwapatula, koma chifundo sungachiwerengere ngati malipiro. Mwati ili pati?"

"M'kabokosi ka mapepala."

"Mayo ine. Bambo a Mphatso, tcherani khutu. Lamulo la kuno limati mfuti ikapezeka m'kabokosi kotero, amaiyesa ya mwini galimoto kapena amene ali ndi chilolezo choliyendetsa. Ndiye nonse awiri muli m'madzi. Koma madzi ake si ofanana. Ganizani ndi nzika, analumbira kale, akamangidwa adzatuluka ali wa konkuno. Inu muli pa green card. Munthu wa green card akapezeka wolakwa pa mlandu wa mfuti, a zolowa ndi kutuluka amatha kumuthamangitsa m'dziko muno. Mayeso anu a unzika ndi liti?"

"Mwezi wamawa."

"Ndiye mukusewera ndi chiyani?"

Lameki anamva thukuta likutsika m'khwapa ngakhale m'galimoto munali mozizira. Anaona Mphatso, wa zaka 4, amene Chichewa chake chimathera pa "zikomo" ndi "agogo". Anaona nyumba ya ku South Bend imene angoyamba kumene kulipira ngongole yake.

Ganizani anayesanso, koma mawu ake anali ataphwa. "Pali lamulo lina lija la apaulendo, azakhali. Madalaivala amalitchula."

"La 1986. Limateteza munthu wongodutsa, wochokera kumene mfuti yake ndi yololedwa kupita kumene ndi yololedwanso. Ndipo iyenera kukhala yochotsa zipolopolo, yokhomera kumbuyo kosafikirika. Galimoto ngati lanulo lopanda buti yapayokha, iyenera kukhala m'bokosi lokiya, ndipo lamulolo limachita kutchula kuti kabokosi ka padashibodi sikawerengedwa. Bokosi lokiya muli nalo?"

"Ayi."

"Ndiponso simukudutsa, mukubwera kudzagona kwanga. Ndipo kwanga chinthu chimenecho sichilowa. Tamverani. Musawoloke mtsinje. Patukani pa Stroudsburg, mupeze motelo. Ganizani atsale pamenepo ndi mfuti yakeyo, poti chiphaso cha Indiana ku Pennsylvania chimamuteteza. Inu bambo a Mphatso mubwere nokha, mawa mukatenge mayi, pobwerera mudzamutola. Ganizani, wamva?"

Ganizani sanayankhe.

"Muli pati tsopano?"

Lameki anadzutsa mutu. Msewu unali utapanikizika pakati pa mapiri awiri akuda. Chikwangwani chobiriwira cha potulukira 310, pomaliza m'Pennsylvania, chinali chitangodutsa kudzanja lamanja, ndipo mkokomo wa matayala unasintha. Pansi pawo panali madzi.

"Tili pamlatho, anti."

Mlatho wa Delaware Water Gap ukamalowera kum'mawa ulibe chokuimitsa. Ndalama amalipiritsa obwerera ku Pennsylvania okha. Palibe chipata, palibe msilikali, palibe wofunsa pasipoti. Mphindi imodzi isanathe chikwangwani chowalandira ku New Jersey chinawala m'magetsi awo, n'kutsalira kumbuyo.

A Esinati anapuma mozama. Atayambanso kulankhula, anali namwino wa pantchito, mawu ake osakwera, osanjenjemera.

"Chabwino. Musachite mantha, ndipo musaime m'mbali mwa msewu, mungaitane apolisi nokha. Msewu umenewo ndimaudziwa, ndimadzera pomwepo pokagula zinthu ku Tannersville. Mamailosi anayi kutsogoloko pali potulukira pa Columbia. Mukatuluka pamenepo pali mlatho wina waung'ono wopita ku Portland, mbali ya Pennsylvania. Mphindi 10 mukhala mutabwerera. Ganizani, yendetsa ngati wanyamula mazira a eni ake. Liwiro lisapitirire chikwangwani."

"Ndichotse zipolopolo?" Lameki anafunsa, dzanja lili kale pa kabokosi.

"Musaikhudze! Zala zanu zisapezeke pamenepo."

Lameki anabweza dzanja, n'kukumbukira kuti zala zakezo zinaikhudza kale ku Bloomsburg.

Msewu unakhota kutsata mtsinje, n'kukhotanso. Mvula inakula. Ganizani anali mumzere wa kumanzere, ndipo kumanja kwake kunali mathiraki atatu otsatizana, akuwaza madzi pagalasi moti zopukutira zinkalephera. Anayesa kuwapitirira, liwiro linakwera. Anayesa kutsalira, galimoto la kumbuyo linamuwalitsira magetsi. Munthu amene anayenda msewu umenewu zaka 7 anali atagwira chiwongolero ngati wophunzira.

"Columbia, mailosi imodzi," Lameki anawerenga. "Lowani kumanja, alamu."

"Ndikuona."

"Lowani!"

"Ndilowe pansi pa thiraki?"

Mpata unaoneka pakati pa thiraki yachiwiri ndi yachitatu, waung'ono. Ganizani anaponda mafuta n'kulowapo mwamphamvu, osayatsa indiketa. Thiraki ya kumbuyo inaliza hutala wautali, mabuleki ake akufuula. Sienna inagwedezeka, n'kukhazikika. Potulukira paja panali patsogolo pawo, mamita owerengeka.

Ndipo m'galimoto monse munadzaza kuwala kofiira ndi kwa buluu.

Palibe analankhula. Ganizani anayang'ana pagalasi la kumbuyo, milomo ikuyenda popanda mawu. Sairini inalira kamodzi, mwachidule.

"Ndamva," a Esinati anatero pafoni, motsitsa. "Imani bwinobwino. Zimitsani injini, yatsani getsi la m'kati, tsitsani magalasi, manja aoneke. Musaname. Koma musalongololenso. Zikafika poipa, munene kuti mukufuna loya, basi. Foniyi musaidule, ingoiikani pansi."

Ganizani anaimika galimoto m'mbali, matayala akuphwanya timiyala. Lameki anaika foni pakati pa mipando, nasanjika manja onse awiri padashibodi. Pansi pa dzanja lake lamanja, kuseri kwa pulasitiki yopyapyala, panali mfuti ija. Pansi pa mfutiyo panali envelopu ya mapepala a galimoto.

Wapolisi sanafulumire. Anakhala kaye m'galimoto lake, mwina akuwerenga nambala ya Indiana pakompyuta, ndipo dzina limene linatuluka pamenepo linali la Lameki. Mathiraki ankadutsa, galimoto likugwedezeka ndi mphepo yawo. Lameki anaganiza za apongozi ake, amene nthawi imeneyo anali m'mlengalenga pamwamba pa nyanja, atavala chitenje chawo chatsopano, m'chikwama muli ufa, usipa ndi kapepala kolembapo nambala ya foni yake. Chingerezi chawo ndi cha moni. Akatera mawa n'kupeza palibe wowachingamira, adzafunsa ndani?

Chitseko chinatsekedwa kumbuyoko. Tochi inayamba kuyenda, kuunika jekete lija, kontena ya mpunga, mpando wa Mphatso. Wapolisiyo anadzera mbali ya Lameki, kutali ndi magalimoto odutsa. Anali wamtali, wachinyamata, madzi akudontha pachipewa chake.

"Madzulo abwino, mabwana," anatero m'Chingerezi, mwaulemu. "Mukudziwa chimene ndakuimitsirani?"

"Ndalowa mzere mosayatsa indiketa, bwana," Ganizani anayankha. "Pepani. Ndimafuna potulukirapa."

"Munatsala pang'ono kugundidwa ndi thiraki. Mukuchokera ku Indiana? Ulendo wautali. Mukupita kuti?"

"Ku Newark, kukachingamira mayi anga kubwalo la ndege."

Wapolisi anaweramira pang'ono. "Ku Newark? Nanga mumatulukiranji pa Columbia? Newark ndi kutsogolo, ola lathunthu."

Ganizani anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Tochi inachoka pankhope yake, n'kubwera pa Lameki, n'kutsikira pa manja ake amene ankanjenjemera padashibodi.

"Laisensi yanu, bwana dalaivala. Galimotoli ndi la ndani?"

"Ndi langa," Lameki anatero. Mawu ake anamveka ngati a munthu wina.

"Chabwino. Ndione mapepala a galimoto ndi a inshulansi."

Ganizani anapereka laisensi yake kudzera pamaso pa Lameki. Potero anasendera pafupi, phewa lake likukhudza la mlamu wake, ndipo analankhula m'Chichewa, mothamanga, milomo yokha:

"Alamu, ine chiphaso ndilibe. Sindinatengepo. Akadziwa kuti ndi yanga, laisensi ya thiraki yapita, ana anga adya chiyani? Inu muli ndi pepala. Munene kuti ndi yanu."

Kuchokera pakati pa mipando, mawu aang'ono a azakhali anamveka: "Ganizani, wati chiyani?"

Wapolisi anaponya tochi pa foniyo, kenako pa amuna awiriwo. Dzanja lake lamanja linatsika pang'onopang'ono kukakhala palamba.

"Chingerezi chokha, chonde. Bwana, mapepala ali m'kabokosi kameneka?"

"Inde."

"Musanatsegule, ndikufunseni kaye. M'galimoto muno muli chida chilichonse chimene ndiyenera kudziwa?"

Kodi Lameki aulula mlamu wake, kapena asenza mlandu umene ungamuchotse m'dziko mwana wake asanabadwe? Musaphonye Gawo 7 sabata yamawa.